Risosi ya pasukulu ya boma, chaka chathunthu tsopano: nayi ndemanga yanga

Makolo anzanga mwachuluka amene mukundifunsa kuti mwana uja zikuyenda bwanji ku risosi, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 9, samva bwino makutu onse awiri, zinayamba atadwala malungo aakulu ali ndi zaka 3. Sitandade 1 anabwereza kawiri, kukhala pansi kumbuyo kwenikweni mkalasi yodzadza thothotho, aphunzitsi nkumandiuza kuti mwana wanu ngwamwano tikamuitana sayankha. Mwano wake uti poti sankamva? Titakamuyezetsa makutu ku chipatala cha Queens ndi pomwe tinadziwa zenizeni, kenako mayi wina wa kutchalitchi anatilozera sukulu ya pulayimale yomwe ili ndi risosi.

Kwa amene simukudziwa, risosi ndi chipinda chimodzi pasukulu wamba, ana aulumali amaphunzira mkalasi ndi anzawo koma maola ena amapita mmenemo kwa mphunzitsi wa special needs. Madamu athuwa anaphunzira ku koleji ya aphunzitsi a special needs ya Montfort, ku Nguludi kuja ku Chiradzulu, ndipo abale ntchito amaidziwa. Tsiku lina ndinalawirira kukamutenga ndinawapeza akhala naye pa galasi, aika kapepala kutsogolo kwa pakamwa, akati "pha" kapepala nkugwedezeka, akati "pa" kali phee, kenako nkumugwiritsa dzanja pakhosi pawo kuti amve kunjenjemera kwa mawu. Ine misozi mbwe. Masamu amawerengera zitsekerero za Sobo, ndipo anakalankhula ndi aphunzitsi a mkalasi mwake kuti azimukhazika kutsogolo komanso asamayankhule atayang'ana kubolodi. Kanthu kakang'ono koma kanasintha zambiri, pano akuwerenga timawu tifupitifupi ndipo wakhoza kupita sitandade 2.

Koma tisanamizane, risosi yonseyo ndi madamuwo basi. Ali okha, ana ake mavuto osiyanasiyana, wina saona, wina samva, wina amachedwa kugwira zinthu, winanso sakhazikika pampando, onse chipinda chimodzi, komanso amayendera masukulu ena mu zoni. Akapita ku wekishopu kapena kumaliro chitseko ndi loko, mwana wangotaya tsiku ine ndalama ya kabaza yapita. Makina a braille, olembera zilembo za osaona, anafa kalekale angokhala pa kabati atafunditsidwa chitenje. Mabatire a hearing aid, kachipangizo kamene amavala kukhutu komuthandiza kumva, timagula tokha. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimbudzi, pali mtsikana wa pa wilitcheya amayi ake amabwera nthawi ya buleki kudzamunyamula chifukwa pakhomo pali masitepe, komiti ya sukulu tinaiuza kawiri yankho nloti tikudikira ndalama.

Ena amati bwanji osangomupititsa ku bodingi ya ana osamva, Mary View ku Nguludi komweko, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza kapena Embangweni ku Mzimba. Zoona kumeneko chinenero cha manja ndi cha tsiku lonse osati ola limodzi, ndipo bambo ake akulimbikira zomwezo. Ine mtima sunalole, akadali wamng'ono, mwina akafika sitandade 5 tidzakambirananso.

Amene muli ndi mwana wotere musamubise mnyumba chonde, yambirani kwa ahedi kapena a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a mu zoni, ku ofesi yawo ya TDC akuuzani risosi yapafupi, komanso kuli bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM. Mukapita kukaona funsani kuti mphunzitsi wa special needs amapezeka masiku ati pa sabata, ndipo kayang'aneni chimbudzi ndi maso anu musanalembetse.

Nyenyezi ndikupereka 3 pa 5. Zitatu zonsezo nza madamu.