Nyenyezi zitatu: alamu ikugwira, koma Probox yanga inatsala pang'ono kupsa chifukwa cha fyuzi imodzi

Ndadikira miyezi iwiri ndisanalembe izi. Ndikanalemba sabata imene zinachitika ija ndikanapereka nyenyezi imodzi, ndipo ndikanalakwira munthu amene sanandilakwire. Ndikunena za garaja ina ya zamagetsi a galimoto pa boma la Mangochi pompano. Dzina lake sinditchula.

Ndinapita kukaikitsa alamu ya malimoti awiri, ya sayirini ndi zokhoma zitseko, pamodzi ndi kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili, katiraka kakang'ono. Ine ndimapikula usipa ku Makanjira ndi ku Monkey Bay n'kumakagulitsa ku Limbe, ndiye galimoto imagona panja m'malo achilendo ili ndi katundu wa ndalama zangongole. Mtengo unali K85,000 zonse pamodzi, ndipo sindinanenerere. Alamuyo payokha ilibe mlandu. Imalira mokweza, limoti imagwira ndili kutsidya kwa msewu, zitseko zonse zimakhoma.

Tsiku limenelo madala eni garaja anali atapita ku maliro ku Namwera. Ndinapeza mnyamata wawo, wolankhula kwambiri, foni ili kukhutu nthawi zonse. Anamasula mapulasitiki a pansi pa chiwongolero n'kuyamba kulumikiza mawaya batire lili chilumikizire. Ndili chikhalire pa benchi ndinamva kuti thu, iye n'kudzuma. Anasintha kenakake, patapita kanthawi ndinamvanso thu. Dzuwa la October linali litakwera, ndiye ndinapita kumsika kukadya. Pobwera ndinapeza zonse zatsekedwa bwinobwino, iye akudina limoti, nyale zikuphethira, anzake akumuyamikira.

Polowa m'galimoto ndinaponda kanthu pa mati. Kanali kabokosi kakuda ka pulasitiki, kali ndi zidutswa za waya wofiira mbali zonse ziwiri, zodulidwa ndi pulayala. Mkati munali fyuzi ya buluu yolembedwa 15, yakupsa. Ine si wa zamagetsi, koma galimotoyi ndakhala nayo zaka zinayi ndipo fyuzi ndimaidziwa. Ndinamufunsa kuti achimwene, nanga aka kachoka pati? Anayankha osandiyang'ana n'komwe: “Mami, timeneto n'tachabechabe, timangopsa. Ndalumikiza dayilekiti.” Nditafunsanso ngati sizingavute, anati, “Izi n'zamagetsi mami, inu muzingodina limoti basi.” Anzake aja anaseka. Kuseka kumene kuja mpaka lero kumandiwawa kuposa ndalama zimene ndinaluza. Ndinachita manyazi, ndinalipira, kabokosi kaja ndinakaponya m'chikwama n'kumapita.

Masabata atatu zonse zinali bwino. Ndinayenda ulendo wa ku Makanjira kawiri, ndipo amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa mmene umagwedezera galimoto, chilichonse chimene sichinamangidwe bwino chimamasuka. Ulendo wachitatu ndinatenga mayi anga, amene ankabwera ku chipatala cha boma kudzapimitsa maso, ndi mwana wanga wamng'ono wa zaka zisanu. Kumbuyo kunali matumba a usipa wouma mpaka kudenga. Titatsala pang'ono kufika pa Malindi ndinamva fungo la pulasitiki wopserera. Ndinayesa ndi anthu akuwotcha zinyalala m'mbali mwa msewu. Kenako sayirini inangolira yokha kamodzi n'kudukiza, ndipo utsi unayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, pakati pa miyendo yanga penipeni.

Ndinaima, ndinazimitsa injini, ndinazula kiyi. Utsi sunaleke. Apa ndi pamene mutu wanga unaima, chifukwa moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti ukazula kiyi galimoto yazima. Kiyi ali m'manja mwanga, utsi ukungowonjezeka, woyera kenako wakuda, ndipo ndinkamva kuthetheka kuseri kwa pulasitiki. Zitseko zinayamba kudzikhoma ndi kudzitsekula zokha, kha kha kha. Mayi anga ndi okalamba, sathamanga, ndipo chitseko chawo chinadzikhoma iwo akukoka chogwirira. Ndinazungulira ndikukuwa, ndinachipeza chitatseguka mwamwayi, ndinawakoka pamkono mpaka anagwera m'fumbi. Mwana ndinamutulutsira pa windo. Mayi ankangoti, “Mwana wanga, isiye ipse, isiye ipse,” koma m'galimotomo munali mpamba wanga wonse ndi ngongole ya ku banki mkhonde.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto amene ankachokera ku boma. Sanafunse zambiri. Anati, “Amayi, tsegulani boneti!” Anatulutsa sipanala ya 10 pansi pa mpando wa njinga yake, anamasula mutu wa batire wa negetivu n'kuukankhira pambali. Kuthetheka kunasiya nthawi yomweyo. Tinathira mchenga pa pulasitiki amene ankanyeka pang'onopang'ono. Bambo ameneyu sindikumudziwa dzina, ndipo ndalama imene ndinamupatsa anakana, anati ndigulire agogo madzi akumwa. Tinakhala pamenepo maola atatu padzuwa kudikira lole yoti itikoke. Tinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi tili pa chingwe, mayi anga chigongono chikutuluka magazi, tsiku lawo la kuchipatala litapita.

M'mawa mwake ndinafika pa garaja paja ndili wokonzeka kupita ku polisi. Ndinapeza madala aja alipo. Sindinawapatse moni, zimene si khalidwe langa. Ndinangotulutsa kabokosi kaja m'chikwama n'kukaika pa tebulo lawo. Anakatenga, anakatembenuza, anayang'ana podulidwa paja, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anaitana mnyamata uja n'kumufunsa funso limodzi lokha, kuti kameneka anadula ndani. Iye anayamba zoti alamu za masiku ano n'zosalimba. Madala anamudula mawu n'kumuuza kuti atenge mpando andipatse, ndipo amasule yekha mapulasitiki aja ine ndikuona.

Zimene tinapeza mkatimo zinandiziziritsa thupi. Waya wofiira wa alamu, woonda ngati chingwe cha mbedza, anali atapiringizidwa ndi manja pa waya wonenepa wopita ku swichi ya kiyi, n'kukulungidwa ndi tepi. Tepiyo inali itamatuka ndi kutentha. Kuchoka apo waya uja anadutsa pamwamba pa chitsulo chogwira chiwongolero popanda chomuteteza chilichonse, ndipo msewu unamukhuza mpaka mkuwa unagunda chitsulo. Anapsa utali wonse, n'kusungunula mawaya ena anayi amene anayandikana naye.

Madala anandifotokozera modekha, ngati munthu woti ndikhoza kumva, ndipo ndinamvadi. Alamu imafuna moto wosazima, wopezeka ngakhale kiyi atazulidwa, chifukwa ntchito yake imayamba mwini galimoto akachoka. N'chifukwa chake kuzula kiyi sikunathandize tsiku lija. Waya wonenepa uja ali ndi moto wotero, ndipo iwo anati kutengapo moto si mlandu, amisiri ambiri amatenga pomwepo. Mlandu ndi wakuti fyuzi imene imateteza waya wonenepayo ndi yaikulu, yoyezedwa molingana ndi kunenepa kwake. Waya woonda akagunda chitsulo amafiira n'kuyaka fyuzi yaikuluyo isanamve kanthu. Ndiye waya aliyense woonda amene walumikizidwa pamenepo amafunika fyuzi yakeyake yaing'ono, ndipo ikhale pafupi penipeni ndi polumikizira, chifukwa chidutswa chimene chili pakati pa gwero la moto ndi fyuzi chilibe mlonda. Mawu awo anali akuti fyuzi imalondera waya, kuti waya asasanduke mbaula. Anatinso mafyuzi awiri aja sanapse chifukwa chokhala achabechabe. Anapsa chifukwa mnyamatayo ankagwira ntchito batire osachotsa, waya wosenda n'kumagunda chitsulo. Atatha awiriwo analibe ina pafupi, ndipo m'malo motuma mwana kukagula, anadula.

Apa mkwiyo wanga unayamba kugawikana. Kwa mnyamatayo unakula, chifukwa ndinazindikira kuti mayi anga anagwera m'fumbi chifukwa cha kanthu kotsika mtengo kuposa mbale ya nsima ya pamsika. Koma kwa madalawo unaphwa. Anati, “Amayi, galimoto inalowa pa geti langa, mlandu ndi wanga.” Ntchito yonse anaigwira okha masiku awiri, osandilipiritsa, ndipo anandilola kukhala pambali n'kumafunsa.

Ndilembe zimene ndinaona, chifukwa ndi zimene zakweza nyenyezi kufika pa zitatu. Choyamba anachotsa mutu wa batire. Mawaya opsa anawadula n'kuika atsopano a kunenepa kofanana, olumikiza mowotcherera, osati mopiringiza. Moto wa alamu sanautengenso pansi pa chiwongolero. Anakoka waya watsopano kuchokera pa mutu wa pozitivu wa batire, fyuzi ya 15 ili pompo, kutalika kwake kosakwana chikhatho kuchokera pa batire. Wayayo anamulowetsa m'paipi yakuda ya pulasitiki, n'kumudutsitsa pa kabowo kokhala ndi labala kolowera m'kati mwa galimoto, kuti asakhudze chitsulo paliponse, ndipo anamumanga kutali ndi mapedulo.

Katiraka kaja kamadya moto wochepa kwambiri, ndiye anakapezera pa bokosi la mafyuzi. Apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Anabwezera batire, anazula kiyi, anatseka zitseko n'kudikira kaye mphindi zingapo, ati magalimoto ena amasunga moto m'mawaya ena kwa kanthawi ukangozimitsa, ndiye ukapupuluma umanamizika. Kenako anatenga mita, waya wakuda pa bawuti ya chitsulo, wofiira n'kumagunda timitu ta mafyuzi. Yolembedwa CIG, ya choyatsira fodya, inawerenga ziro, ndipo inadzuka pokhapokha atapotokola kiyi. Imeneyo siyenera alamu kapena tiraka. Yolembedwa DOME, ya nyale ya m'kati, inawerenga 12.5 kiyi ali m'thumba mwanga. Anaizula fyuziyo n'kuyezanso timabowo take tiwiri, kamodzi kanali ndi moto, kena kanalibe. Anati kudziwa mbali imene moto ukulowera n'kofunika poika kachipangizo kamene amakatcha fuse tap, kamene kamalowa m'malo mwa fyuzi n'kunyamula mafyuzi awiri, yakale ndi ya chinthu chatsopano. Katirakako anakapatsa ya 5. Mafyuzi a ABS, a airbag ndi a kompyuta ya injini anandilozera n'kunena kuti amenewo sakhudzidwa ngakhale atakhala ndi moto, chimodzimodzinso mawaya ovekedwa zachikasu a airbag pansi pa chiwongolero. Anandiphunzitsanso mitundu: yofiira ndi 10, ya buluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Ikapsa ya buluu ubwezere ya buluu, ndipo ikapsanso usaike yaikulu kapena kawaya, pali pamene pakugunda.

Pomaliza anayeza moto umene galimoto ikudya itazima, alamu ndi tiraka zili zolumikiza, n'kundionetsa kuti sukufika pa 50 milliamps, kutanthauza kuti batire silingathe galimoto ikagona masiku angapo. Anandipatsa mafyuzi anayi apadera m'kapepala, ndipo ine ndinagula sipanala ya 10 imene tsopano imakhala m'thumba la chitseko changa.

Komabe zitatu sizikwera kufika zinayi. Ndalama ya lole yotikoka, K40,000, sanandibwezere. Ananena kuti aona, ndipo mpaka lero akuonabe. Usipa unafika ku Limbe mochedwa ndi masiku atatu, matumba awiri a kutsogolo atalowa fungo la utsi wa pulasitiki, ndinagulitsa motchipa kwa oweta nkhuku. Pulasitiki wa pansi pa chiwongolero ndi wopindika mpaka pano, ndipo galimoto ikakhala padzuwa fungo lija limabwerera, mwana wanga n'kuyamba kufunsa ngati tikupsanso. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mnyamata uja akadali pomwepo. Sanandipepese ndi pakamwa pake. Sabata yatha ndikudutsa ndinamuona atagona chagada pansi pa chiwongolero cha Sienta ya munthu wina, madala kulibe. Ndikumva kuti ndi mphwawo, ndipo ndikudziwa kuti wachibale sathamangitsidwa ngati galu, koma galimoto zimene akugwirazo zimanyamula ana a anthu.

Ndiye amene mukufuna kupita kumeneko, pitani tsiku loti madala alipo, ndipo nenani poyambirira kuti agwire okha. Asanatseke mapulasitiki, auzeni akulozereni ndi chala pamene atenga moto ndi pamene pali fyuzi ya alamu, muione ndi maso anu. Ngati akulozerani tepi yokhayokha, musalipire. Ine ndibwererako mwezi wamawa chifukwa loko ya chitseko cha kumbuyo yayamba kuchedwa, ndipo ndawaimbira kale madalawo kuti ndidzabwera Loweruka m'mawa iwo ali pomwepo, ndi kuti nkhani ya K40,000 ija tidzaimalize tsiku lomwelo.