Ana a MBA anatithandiza pa bizinesi ya chiponde, koma osati mmene ndinkaganizira

Anthu akhala akundifunsa kuti azungu aja munali nawo ku fakitale mu Januwale 2024 anali ndani, abweretsa ndalama eti? Ayi abale, ndalama sanabweretse olo kobiri, komanso mwa anayiwo mzungu anali mmodzi yekha, wina anali mmwenye, wina wa ku Brazil, nde mtsikana wa ku Nigeria. Anali ana asukulu ochita MBA, digiri yachiwiri ya za bizinesi, ku yunivesite ina ya ku America, ndipo ife tinali "kasitomala" wawo. Ndati ndilembe mmene zinayendera chifukwa ena mwa inu muli ndi makampani ang'onoang'ono ngati yathuyi ndipo tsiku lina wina adzakuuzani kuti lembetsani, nzaulere.

Kwa amene simukuzidziwa, masukulu akuluakulu a bizinesi kunjaku ali ndi kosi yoti ophunzira amagwira ntchito ngati ma consultant a kampani yeniyeni, osati zongowerenga m'kalasi. Ku Michigan Ross amaitcha MAP, inayamba 1992 ndipo ana a chaka choyamba amathera masabata 7 pa ntchito imeneyi basi. Ku MIT Sloan kuli G-Lab, ku Berkeley Haas kuli IBD, ndi ena ambiri. Yomwe inabwera kwa ife siili pa zomwe ndatchulazi ndipo dzina sinditchula, poti pali zina ndidandaule. Koma kachitidwe kake nkofanana: kampani imalemba vuto lake, sukulu imasankha gulu la ana anayi kapena asanu, mumayamba kukumana pa Zoom miyezi ingapo, kenako amabwera kudzakhala nanu masabata awiri kapena atatu, pomaliza nkukusiyirani lipoti. Iwo amapeza malikisi, inu mumapeza malangizo.

Ife timapanga chiponde ndi nsinjiro kuno ku Lilongwe, mtedza wambiri timagula cha ku Mchinji ndi ku Kasungu. Pa fomu yawo ine ndinalemba kuti tikufuna kuyamba kugulitsa kunja. Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko, funso lalikulu ngati bwalo la mpira, nde anawo analilandira ndi manja awiri poti mawu oti export amawakomera kwabasi.

Za "ulere" zija muzifunsitsa. Malipiro a anawo zoona sitinapereke, koma masukuluwa amasiyana, ena amafuna kampani ilipire matikiti a ndege ndi malo ogona, ena amalipiritsa ndalama ina pamwamba. Ife matikiti anatilipirira ena otithandiza, koma loji, galimoto, mafuta ndi chakudya chamasana zinali zathu, ndipo mafuta nthawi imeneyo mukudziwa nokha mmene ankavutira. Chodula kuposa zonsezi inali nthawi yanga. Kuyambira Seputembala sabata iliyonse Zoom, ndipo poti iwo ali m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7 komanso masana amakhala m'kalasi, msonkhano umagwa usiku kuno, ine ndili pakhonde kusaka netiweki, magetsi athima, bandulo ikutha, iwo akufunsa kuti tatitumizireni ma sales a zaka zitatu pa Excel. Zaka zitatu zakezo zinali m'mahadikava asanu ndi katoni ya malisiti, ena anadyedwa ndi chiswe. Mtsikana wathu wa maakaunti anatha masabata awiri akungotaipa, ntchito yake ina itaima.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 ku banki. Mawerengero onse amene anawo anapanga mu Okotobala anangosanduka mapepala oyatsira mbaula. Ndinawamvera chisoni pang'ono, wa ku Brazil uja anangogwira mutu pa kamera, koma mtsikana wa ku Nigeria anaseka nkunena kuti kwawo naira nayo yawachita zomwezo chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti ameneyu ndi amene atimvetse, ndipo zinaterodi.

Atafika mu Januwale, mvula ili pakati, mtedza uli kumunda sunakhwime. Apa sukulu inalakwitsa ndipo ndinawauza aphunzitsi awo. Bizinesi yathu mutu wake uli pa nyengo yogula, kuyambira cha mu Meyi, pamene umalimbana ndi mavenda pa sikelo, alimi ena atanyowetsa mtedza kuti usavute kuswa, iwe ukufuna ndalama zambiri nthawi imodzi kuti ugule wa chaka chonse. Zonsezi anawo sanazione ndi maso, anangomva ine ndikufotokoza. Kalendala ndi ya sukulu, si ya bizinesi yanu, zimenezo muzidziwiretu.

Koma chabwino chomwe anachita sindingachibise. Tsiku lachitatu, anzake ali mu ofesi ndi malaputopu, wa ku Nigeria uja anapempha chitenje nkukakhala pa mkeka ndi amayi osankha mtedza. Amayiwo poyamba ankangosekana, wina nkuti "mwanayu atha ola limodzi?" koma anakhala mpaka madzulo, lichero pamwendo. Anabwereka sikelo yaing'ono nayamba kuyeza mtedza wotayidwa pa thumba lililonse, wachuku payokha, wofwapa payokha, miyala ndi zinyalala payokha, akulemba m'kakope. Anachita zimenezi masiku anayi. Nde anabwera kwa ine nkundifunsa mwaulemu kuti bwana, mtengo wa botolo mumawerengera thumba la 50 kg lonse kapena zomwe zatsala mukasankha ndi kukazinga? Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi ndinkawerengera ngati thumba lonse limalowa m'botolo, zotayazo ndinkangoti ndi pang'ono. Sizinali pang'ono, ndipo zinkasiyana kwambiri kutengera amene watigulitsa, panali venda mmodzi amene ndinkamukonda poti ngotchipa koma matumba ake ndi amene ankatidyera ndalama.

Ataphatikiza zimenezi ndi mtengo watsopano wa mabotolo, zivindikiro ndi malebulo, zomwe mitengo yake imatsatira dola, zinaoneka poyera kuti kabotolo kathu kakang'ono, komwe kamayenda kwambiri m'magolosale ndipo ndinkakanyadira, tinkakagulitsa moluza. Kakatuluka kambiri ndiye kuti taluzanso kwambiri. Ine ndinkadabwa kuti katundu akuyenda koma mu akaunti mulibe kanthu, mpaka ndinkakayikira anyamata a ku sitolo kuti mwina akusolola. Ndinachita manyazi, anthu osalakwa.

Za export zija ndiye zinali maloto a chumba. Gawo lalikulu la lipoti lawo linali la msika wa ku Ulaya, zithunzi zokongola, mayina a masitolo a ku Germany ndi Netherlands. Iwo eni analembamo kuti EU, bungwe la mayiko a ku Ulaya, salola aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, wopitirira 4 ppb (magawo 4 pa biliyoni) pa mtedza wodya anthu, koma sanaone kuti kwa kampani ngati yathu chiganizo chimodzi chimenecho chikutseka nkhani yonse, pokhapokha titayamba kulamulira kaumitsidwe ndi kasungidwe kuchokera kwa mlimi ndi kuyezetsa katundu aliyense ku labu, zomwe ndi ndalama zoti tilibe. Ife chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu kuno, tili nacho, koma Ulaya ndi nkhani ina. Ndinkayembekeza kuti andiuza za Chipata kapena Tete, misika yoti lole imafika tsiku lomwelo kudzera pa Mchinji kapena pa Dedza, koma zimenezi anangozipatsa tsamba limodzi. Analangizanso zoti titenge ngongole ku banki tigule makina atsopano, apa nkuti policy rate ya Reserve Bank, chiwongoladzanja chomwe mabanki amatsatira, ili pa 24 peresenti, mwezi wotsatira inakweranso kufika 26, ndiye ganizirani chiwongoladzanja chomwe banki ikanandipatsa ine. Mmwenye uja anayeseranso kutumiza mafunso pa intaneti kwa eni magolosale, anayankha ndi ochepa oti nkuwerenga ndi zala, mpaka dalaivala wathu anawatenga nkuyenda nawo shopu ndi shopu ku Area 25 ndi kwa Chinsapo, iye akumasulira. Kumeneko nkomwe anamva kuti kuno shopu imalipira ikagulitsa, osati pakatha masiku 30 ngati mmene analembera pa kompyuta.

Khalidwe lawo linali labwino, osanama. Osachedwa, aulemu, nsima ankadya ndi manja, ndipo anasaina pepala loti za mkati mwa kampani sakaulula. Kungoti akapita apita. Miyezi iwiri yoyamba ankayankha ma imelo, kenako zii, aliyense ali kalikiliki kusaka ntchito yake. Fayilo ya Excel yomwe anatisiyira ili ndi ma formula oti itasokonekera penapake palibe pano angaikonze, tinachita kupanga yathu yosavuta potengera nzeru yawoyo. Lipoti la masamba ambirimbiri lija lili mu kabati, ndimagwiritsa ntchito masamba atatu.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu. Ngati mabuku anu ali m'mutu mwanu mokha, kapena mulibe munthu woti azikhala nawo tsiku lililonse, musavutike, mungotopa. Ngati mukulembetsa, apatseni funso laling'ono loti angaliyeze ndi sikelo, ndipo funsani msanga mwezi womwe abwere ndi zomwe mulipire. Ife kabotolo kaja tinakakweza mtengo, ena anadandaula koma sanasiye kugula, venda uja tinasiyana naye, ndipo amayi osankha aja pano amayeza okha zotaya pa thumba lililonse nkulemba m'kope. Sikeloyo anaipatsa dzina la mtsikana wa ku Nigeria uja, moti m'mawa uliwonse umamva wina akukuwa kuti tabweretsani mwana uja kuno tiyambepo.