Miyezi 8 ndi mfuti ya mwala: zomwe ndaona posaka agologolo ku Indiana

Mfutiyi ndinaigula mu Juni chaka chatha ku Friendship, kamudzi ka kummwera chakummawa kwa Indiana, ku America, komwe kuli likulu la bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association. Bungweli linayamba mu 1933, ndipo mu Juni ndi mu Seputembala anthu okonda mfuti zothirira onga kukamwa amasonkhana kumeneko kupikisana kuwombera komanso kugulitsana katundu. Nditangoigula ndinaitamanda kwambiri ndisanalowe nayo m'nkhalango ngakhale kamodzi: thabwa lake la mtengo wa maple lamizeremizere ngati nsana wa nguluwe yaing'ono, mpope wautali mainchesi 42, zitsulo zakuda zopanda zokongoletsa monga ankapangira anthu a m'mapiri a Tennessee ndi North Carolina. Tsopano nyengo ya agologolo, yomwe kuno imayamba pa 15 Ogasiti n'kutsekedwa pa 31 Januwale, yatha, ndipo ndingathe kunena za mfutiyo osati za maonekedwe ake.

Kwathu mfuti yotere timaitcha gogodera, ndipo dzinalo likunena zoona, chifukwa chipolopolo umachita kuchigogodera ndi kandodo mpaka chikakhale pa onga. Agogo anga aamuna anali nayo yawo ku Ntcheu, yobisa kudenga, ndipo ana sitinkaloledwa ngakhale kuiloza. Ya agogo inali ya mpope wosalala mkati. Yangayi ili ndi mizere yopota mkati mwa mpope, yomwe imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Luso limeneli anabwera nalo amisiri ochokera ku Germany amene anakhazikika ku Lancaster, ku Pennsylvania, m'zaka za m'ma 1700, ndipo ndi iwo anayamba kutalikitsa mpope kufikira panabadwa mfuti yomwe pambuyo pake inatchuka ndi dzina la Kentucky rifle.

Yanga ndi ya .36, kutanthauza kukula kwa bowo la mpope poyeza m'mainchesi. Chipolopolo ndi kampira ka mtovu ka .350, kochepera nsawawa yosenda, kolemera pafupifupi magireni 65 (gireni ndi kamuyeso kakang'ono ka kulemera kwa onga ndi zipolopolo). Ndimakakulunga m'kansalu kokhuthala mainchesi .015, pansi pake onga wa FFFg magireni 30 (ma F akachuluka, ndiye kuti ongawo ndi wosalala kwambiri). Ndinayesa 20, 25, 35 ndi 40 pa chandamale mwezi wonse wa Julayi. Pa 30 ndi pomwe zipolopolo zisanu zinkagwera malo amodzi oti n'kuphimba ndi chivindikiro cha botolo pa mtunda wa mayadi 25, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Ndikaigwira m'manja, nkhani inkakhala ina.

Vuto linali ine. Ukakoka chowombera, mwala umamenya chitsulo chotchedwa frizzen, mbaliwali zimagwera m'kambale momwe muli onga wosalala, ongawo umayaka pafupi ndi diso lako, moto n'kulowa pa kabowo ka m'mbali kukayatsa onga wamkati. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa zedi, komabe thupi limakamva. Masabata oyamba ndinkatsinzina ndi kugwetsa mphuno ya mfuti chipolopolo chisanatuluke. Bambo wina wachikulire amene ndimakumana naye kumalo ophunzirira kuwombera anandiyang'ana kanthawi, kenako anati ndichotse mwala, ndiike kathabwa m'malo mwake, ndizikoka chowombera m'nyumba madzulo aliwonse diso lili pa kadontho ka pakhoma. Ndinachita zimenezo milungu itatu. Mayi a kunyumba ankati ndayamba kusaka mphemvu.

Tsiku lotsegulira ndinalowa mu Hoosier National Forest kusanache. Mu Ogasiti agologolo amakhala m'mitengo ya hickory, akudula mtedza ukadali wauwisi, ndipo umawamva usanawaone: tizidutswa ta makoko timagwa pamasamba ngati mvula yowaza. Ndinakhala patsinde pa mtengo pafupifupi theka la ola, udzudzu ukundidyerera, mpaka gologolo wotuwa anatulukira panthambi, mtedza uli kukamwa, thunthu la mtengo lili kumbuyo kwake monga ndimafunira kuti chipolopolo chikaphonya chisapite kutali. Ndinakoka. Kwee! Mwala unakanda chitsulo, osayaka kanthu. Nditatsegula kambale ndinapeza onga wasanduka phala lakuda. Chinyezi cha Ogasiti kuno n'choti malaya amanyowa uli chikhalire, ndipo onga wosalala wa FFFFg umamwa chinyezicho ngati mchere wa m'dzinja. Gologoloyo anandiyang'ana, anamaliza mtedza wake, n'kumapita.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ya mfuti imeneyi, ndipo ndikanakonda munthu wina akanandiuza ndisanatulutse ndalama. Mpope wabwino ndi wosavuta kuupeza. Chimene chimakudyetsa kapena kukugonetsa ndi njala ndi kachigawo koyatsira moto, kamene n'kosaposa chikhatho. M'mwezi woyamba mfuti inkandikanira pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse, ndipo zifukwa zake ndinazipeza chimodzichimodzi. Choyamba, ndinkadzaza kambale mpaka kuphimba kabowo, poganiza kuti onga wambiri ndiye moto wambiri. Ayi ndithu. Ukatero moto umayenda pang'onopang'ono ngati pa chingwe, mfuti imachedwa kulira. Pamafunika pang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a kambale, kabowo kali poyera. Chachiwiri, mafuta omwe ndinkapaka mkati posunga ankatsikira kumapeto kwa mpope n'kunyowetsa onga. Pano ndimaisunga mphuno ili pansi, ndipo ndisanathire onga ndimapukuta mkati ndi kansalu konyika mu sipiriti. Chachitatu, mwala. Miyala yakuda yochokera ku England ndi imene ndimagwiritsa ntchito, ndipo wabwino umandipatsa maulendo 40 kapena kupitirira, koma wina umathetheka pa ulendo wachisanu. Umafunika kukhala wothina bwino m'kachikopa kake, mlomo wakuthwa, ukupala chitsulo osati kuchimenya chamutu. Ukafumpha ndimaugogoda pang'ono ndi kachitsulo ka mkuwa kuti ubwezeretse mano.

Chachinayi sichinali changa. Frizzen ya mfutiyi inali yofewa, mwala unkangoikumba tingalande, mbaliwali zikutuluka zochepa, zofiira moziralira. Amene anandigulitsa sananene, kaya ankadziwa kaya ayi. Mmisiri wina anaiwotcha n'kuilimbitsanso, ndipo itabwerera mbaliwali zinayamba kugwa zoyera, zikuthetheka m'kambale. Kuchokera mu Okutobala mpaka kumapeto, mfuti inandikanira katatu kokha, ndipo kawiri konse kunali mvula. Mukamagula yakale, pemphani kuti muikoke pamalo amdima mulibe onga, muone nokha moto umene ikutulutsa.

Pa chinyezi, chomwe chathandiza n'kusintha onga wa m'kambale pafupipafupi, mwina mphindi 20 zilizonse kukakhala mame, kupukuta mwala ndi chitsulo ndi kansalu kouma, n'kubaya kabowo ndi kawaya. Masiku a chinyontho ndimathira m'kambale FFFg yemweyo wa m'nyanga, chifukwa sachedwa kuyaka kwenikweni koma salowa madzi msanga. Ndinasokanso kachikopa kophimbira, kamene eni ake amakatcha bondo la ng'ombe chifukwa cha maonekedwe ake.

Onga weniweni ndi wovuta kuupeza kuposa mmene ndinkaganizira. Masitolo ambiri amagulitsa wolowa m'malo, monga Pyrodex, koma umenewo umafuna moto wotentha kwambiri kuti uyake ndipo mu mfuti ya mwala sudalirika. Fakitale ya GOEX ku Louisiana, yomwe inali yokhayo yopanga onga wakuda m'dziko muno, inatsekedwa mu 2021 isanagulidwe ndi kampani ina, ndipo akuluakulu a ku Friendship amakumbukabe mmene ankasungira zitini ngati chimanga cha chaka cha njala. Ubwino wa .36 ndi woti siidya zambiri. Paundi imodzi ili ndi magireni 7,000, choncho pa magireni 30 umawombera kopitirira 200. Chitini chachiwiri sindinachimalize.

Ngozi ziwiri ndiyenera kuulula. Mu Seputembala ndinaseka mnyamata wina amene anagogodera chipolopolo ataiwala kuthira onga. Sabata yotsatira, gologolo akundilalatira pamtengo, ine maso ali kumwamba, ndinachita zomwezo. Chaona mnzako chapita. Ndinakhala pansi n'kumalowetsa timibulu ta onga wosalala pa kabowo ndi kawaya, kamodzikamodzi, mpaka tinakwana kukankha chipolopolo kuti chigwe pa mayadi ochepa. Yachiwiri inali yopweteka. Kandodo ka mfuti ya .36 n'kowonda ngati pensulo, ndipo mwaye ukachuluka mu mpope, pa ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, chipolopolo chimalimba. Ndinakagwira kumtunda n'kukanikiza ndi mphamvu, kanathyoka mopendekera, nsonga n'kundilowa m'chikhatho. Chipsera chilipobe. Pano ndimagwira pafupi ndi kukamwa kwa mfuti, kutsitsa pang'onopang'ono, ndipo ndimapukuta mkati ndikawombera katatu. Ichi ndi chifukwa chake sindinong'oneza bondo kuti sindinatenge .32, yomwe ambiri amati ndiyo mfuti yeniyeni ya agologolo. Mpope wake ndi wopanikizika kwambiri, kandodo nako kowonda kuposa apa, ndipo tipolopolo take ndi zala zozizira za mu Januwale timangogwera m'masamba.

Nyengo yozizira inabwera ndi zake. Kansalu ndinkangokanyowetsa ndi malovu, zomwe zimagwira bwino kukamatentha, koma mu Disembala malovuwo amaundana mu mpope, ndiye ndinasinthira ku mafuta a nyama. Masamba akayoyoka agologolo amakuona uli kutali, amatsikira pansi kufukula zomwe anakwirira, ndipo kuwombera kumakhala kwa mayadi 35 kapena 40. Pamenepo maso anga ndi zoyang'anira zachitsulo sizigwirizana, ndipo ambiri ndinangowasiya. Kuyambira mu Novembala lamulo limafuna kuti uvale chovala cha mtundu wa olenji, choncho maloto ovala ngati mlenje wa mu 1790 amathera pomwepo.

Pali nthano yomwe aliyense amakuuza, yoti Daniel Boone ankawombera khungwa la nthambi pansi penipeni pa gologolo, nyamayo n'kugwa ndi mphamvu ya kugunda popanda bala. Ndinayesa kawiri. Koyamba gologolo anadumpha n'kuthawa, kachiwiri ndinaboola nthambi yokha. Ndinabwerera kulunjika mutu, womwe ndi waukulu ngati dzira la nkhuku. Chipolopolo cha .36 chikalowa m'thupi chimawononga miyendo yakutsogolo, ndiye ngati mutu sukuoneka bwino sindikoka.

Lamulo limalola agologolo 5 patsiku. M'nyengo yonse ndinafika pa 5 tsiku limodzi lokha, mu Okutobala, ndipo onse pamodzi ndinapha 23 pa maulendo 19. Ndi mfuti yanga ya .22 yokhala ndi galasi ndinkapitirira apo pofika pakati pa nyengo. Amene cholinga chake ndi kudzaza firiji asataye ndalama apa. Chimene chasintha ndi kasakidwe: poti chipolopolo n'chimodzi ndipo kuthiranso kumanditengera pafupifupi mphindi yathunthu, ndimayandikira kwambiri, ndimakhala nthawi yaitali, ndipo ndadziwa mitengo ya hickory ndi oak ya m'dera langa mmodzimmodzi ngati nyumba za m'mudzi. Ukawombera, utsi woyera umatseka zonse, umanunkha ngati mazira owola, ndipo umangomvetsera ngati pamveke phi! pamasamba.

Kutsuka n'kosathawika. Mwaye wa onga wakuda umakoka chinyezi n'kubala dzimbiri usiku umodzi wokha. Ndimatseka kabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, kuthira madzi ofunda mu mpope, kukhuthula, kupukuta mpaka kansalu katuluke koyera, kenako mafuta. Ndi mphindi 30, kaya wawombera kamodzi kaya ka 30. Tsiku lina ndinafika wotopa n'kuzisiyira mawa, ndipo kadontho ka dzimbiri komwe kanamera m'mbali mwa kambale sikanachoke mpaka lero. Kupatula apo ndi kuthimbirira kwa thabwa pomwe pamadutsa moto, mfutiyo ili bwino. Palibe chomwe chagwedera kapena kung'aluka.

Za ndiwo: mayi a kunyumba poyamba anakana, amati ndi mbewa za mumtengo, ngati kuti ku Ntcheu mbewa sitidya. Wotuwa wamng'ono ndi wofewa, umangomukazinga. Wamkulu wofiirira uja, fox squirrel, amene amafika pafupifupi kilogalamu, ndi wolimba ngati tambala wokalamba ndipo amafuna maola awiri pamoto ndi tomato ndi anyezi. Mafupa ake akapsa amaoneka ofiirira pang'ono, zomwe zinawadabwitsa ana. Anthu a ku Kentucky amamuika mu mphika wawo wa burgoo, ndiwo ya nyama yosakaniza ndi zamasamba, ife timadyera nsima. Ubongo sitidya, chifukwa mu 1997 madokotala a ku Kentucky anachenjeza kuti mwina ungakhale ndi chochita ndi matenda a ubongo otchedwa Creutzfeldt-Jakob, ngakhale akuluakulu ena kuno amaukonda.

Sindigulitsa. Koma mlamu wanga, amene sanawomberepo mfuti iliyonse, atandifunsa ngati ayambire pa yotereyi, ndinamuuza kuti ayambe wabwereka .22 yanga chaka chino, kenako tidzapite limodzi ku Friendship mu Juni akaione yekha. Ine ndikukagulako miyala ina 24 ndi tindodo tiwiri ta hickory toongoka bwino, kamodzi kosungira.