Dipatimenti ya radiotherapy komwe ndinapita nditamaliza kemo, ndawapatsa 4 pa 5

Papita miyezi inayi chimalizireni radiotherapy, chithandizo chija amati kuwotcha khansa ndi makina, ndiye ndati ndilembeko za mmene anandisamalira kumeneku, poti pomwe ndimayamba ine ndinasowa munthu wondiuza zenizeni. Matenda anga anali khansa ya m'chiberekero, osati ya khomo la chiberekero imakambidwa kwambiri ija ayi, iyi imayambira mkati mwenimweni mwa chiberekero. Anandichita opareshoni nkuchotsa chiberekero, mazira ndi anabele ena a m'chiuno, atayeza anapeza kuti mwanabele mmodzi anali atagwidwa kale ndiye anati ndi siteji 3. Kenako kemo, mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha, maulendo 6, mayina ake carboplatin ndi paclitaxel, masabata atatu aliwonse. Ine mumtima ndimati basi ndathana nazo, pomwe amati kwatsala kuwotcha ndinalira muofesi momwemo, thupi linali litatopa kale abale.

Adokotala amene anandiona tsiku loyamba ndi amene anandikhazika mtima pansi. Sanandithamangitse, anatenga pepala nkujambula chiuno, nkundionetsa kuti njira zilipo ziwiri. Ina ndi yowotchera kunja, makina amazungulira thupi nkumalunjika m'chiuno monse kuphatikiza malo a anabele aja. Inayo amati brachytherapy, amalowetsa kachipangizo kumusi nkuwotcha pamwamba pa njira pomwe anasoka atachotsa chiberekero, poti ndi pamene khansa imeneyi imakonda kubwererapo. Anati kwa amayi ambiri omwe khansa yawo sinafike kwa anabele ya mkatiyi payokha imakwana, ndipo anatchula kafukufuku wa ku Netherlands wa PORTEC-2 yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, kuti inateteza malo amenewa mofanana ndi yakunja koma m'mimba simuvutika kwambiri. Ndinafunsa kuti nanga ine bwanji osangondipatsa yomweyo, anandiyankha mosabisa kuti ya mkati siifika patali, mwanabele wogwidwa uja ndi amene akutikakamiza kuwotcha chiuno chonse. Anati kukana ndi ufulu wanga ndithu koma iwo akulangiza yakunja maulendo 25 ndi yamkati maulendo 2 pomaliza. Ndinavomera ndikudziwa chifukwa chake, ndipo pa ichi chokha ndikuwathokoza mpaka lero.

Asanayambe amakujambula kaye CT sikani yokonzekera. Amafuna chikhodzodzo chikhale chodzadza ndipo ukhale utapita kale kuchimbudzi, akuti chikhodzodzo chikadzadza chimakankhira matumbo m'mwamba kuti asapse kwambiri. Anandilemba timadontho titatu tosafufutika, kamodzi kutsogolo, tiwiri m'mbali mwa chiuno, tating'ono ngati pomwe wagunda ndi nsonga ya bolopeni. Kenako kudikira pafupifupi masabata awiri akuwerengera mlingo.

Kuwotchako kwenikweni sikupweteka, izi ndinene poyera chifukwa mawu oti kuwotcha amaopsa anthu. Palibe moto, palibe kutentha, sumva kanthu, umangogona chagada osasuntha makina nkumazungulira akulira pang'onopang'ono. Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata asanu, mlingo wonse 45 Gy (Gy ndi muyezo wa mphamvu ya kuwotchako). M'chipindamo umakhalamo mwina mphindi 15 ndipo nthawi yambiri imathera kukuyika bwino pa timadontho tija. Ogwira ntchito pa makinawo amatuluka koma amakuona pa kamera ndipo ukayankhula amakumva. Panali mtsikana wina yemwe tsiku lililonse ankandifunditsa kansalu asanandikweze malaya, nkunena kuti mayi manja anga azizira pepanitu, asanandigwire. Kanthu kakang'ono koma munthu ukakhala utavula pamaso pa anthu masiku 25, zimenezi zimakubwezera ulemu.

Chovuta pa tsiku ndi tsiku chinali nkhani ya madziyi. Umakodza kaye, nkumwa makapu amene akuuza, nkudikira kuti chikhodzodzo chidzadze, ndiye ngati mzere wachedwa ndi mavuto. Tsiku lina makina anaima ndipo palibe anabwera kudzatiuza, tinakhala pa benchi amayi anayi tonse titapanikizika kupitirira ola, ine ndinalephera kupirira ndinakakodza nkuyambiranso kumwa, ndinatuluka madzulo. Makina kuwonongeka sindikuwada nazo, koma kungotuluka munthu mmodzi nkuti amayi kakodzeni tikuuzani nthawi yomwera madzi, zikanavuta chani?

Zotsatira zake zinayamba sabata yachitatu. Kutsegula m'mimba, poyamba kawiri katatu kenako mpaka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'mimba kupotokola, ndipo pokodza kumawotcha ngati uli ndi matenda a m'chikhodzodzo. Apa anesi anagwira ntchito, sabata iliyonse amandifunsa kuti mwapita kangati, anandipatsa loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, nkundiuza zakudya zoti ndiyambe ndachepetsa kaye, mkodzo anauyeza kuti atsimikize kuti si matenda ena. Khungu la m'mphechepeche linada nkumayabwa, anandipatsa mafuta oti ndizidzola nkundiletsa sopo wonunkhira ndi kukhula. Magazi amayezanso pafupipafupi poti mafupa a m'chiuno ndi amodzi mwa malo opanga magazi ndipo kemo inali itawagwetsa kale. Kutopa ndiye kosasimbika, kwa kemo kuja kumabwera nkupita koma uku kumangowonjezekera, sabata yomaliza ndimati ndikasamba ndikhale kaye pansi ndisanavale. Dzanzi la m'zala ndi kumapazi ndinkaganiza kuti makina akuwonjezera, nesi anandiuza kuti ayi limenelo ndi la paclitaxel ndipo limatenga nthawi. Tsitsi lakumutu linayamba kumera ndili pakati pa radiotherapy, imathothola pokhapo pomwe yalunjika basi.

Yamkati ija ndinkaiopa kuposa zonse koma inadutsa msanga. Amalowetsa kachubu kosalala atapaka mafuta, nkukalumikiza ku makina omwe amatumiza kambewu kowotchera ka iridium-192 kwa mphindi zochepa kenako nkukabweza. Sizokoma poti malowo amakhala atatupa kale ndi yakunja ija, koma nesi anakhala nane mpaka nthawi yoti atuluke ndipo anandiuza chilichonse asanachite. Anatsindikanso kuti mukatuluka muno mulibe chilichonse chotsalira m'thupi, mdzukulu mukhoza kumunyamula lero lomwe, ndipo ndinakamunyamuladi.

Tsopano chimene ndawachotsera imodzi ija. Tsiku lomaliza anandipatsa kathumba muli timachubu ta pulasitiki tosiyana kukula ndi kapepala, amati ma dilator, nkuti mukawerenge kunyumba. Basi. Palibe anandikhazika pansi kundiuza kuti kuwotchaku kumapangitsa njira ya kumusi kuuma, kufupika ndi kuchepa chifukwa cha zipsera, ndipo ikatsekeka ngakhale adokotala amavutika kukuyeza pofuna kuona ngati khansa yabwerera, osanena za m'banja. Kathumbako kanakhala mudilowa masabata angapo ine ndikuchita manyazi osadziwa kuti ndiyambe liti, mpaka nesi wina pa ulendo wokaonedwa anatseka chitseko nkundifotokozera zonse bwinobwino, kuti umadikira kaye kutupa kuthe, umayamba ndi kakang'ono, ndi mafuta ake, kangapo pa sabata. Mphindi 10 zokha zimene zija, bwanji sanazipeze poyamba?

Chinanso sanandiuze kuti mavuto aja amafika pachimake ukamaliza, sabata imodzi kapena awiri otsatira. Ine ndimayembekeza kuti ndikangosiya kupita ndiyamba kupeza bwino ndiye m'mimba mutaipiraipira ndinachita mantha kuti khansa yafalikira, ndinaimba nambala yomwe anandipatsa masiku awiri osayankhidwa. Pomwe anayankha anangoti zimatero mayi. Zimaterodi, koma ndikanauzidwa kale sindikanagona ndi mantha usiku uja.

Panopa kutsegula kunasiya ngakhale m'mimba simunabwerere mwakale, chimbudzi chikandipeza sichidikira ndiye kulikonse ndikafika ndimayamba ndaona komwe kuli toileti. Mphamvu zikubwera pang'onopang'ono. Anandiuza zoti ndizikhala tcheru nazo ngakhale patapita zaka, mwendo kutupa poti anabele anachotsedwa ena nkuwotchedwa, magazi m'chimbudzi, mumkodzo kapena kumusi, ndi kupweteka kwa m'chiuno kosatha poti mafupa owotchedwa amatha kufooka nkuchita ming'alu. Mayi mnzanga, ngati akukutumiza ku dipatimenti imeneyi pita ndithu, ntchito amaidziwa ndipo anthu ake ndi aulemu, koma za ma dilator ndi za masabata otsatira ukamaliza ufunse wekha tsiku loyamba lomwelo, ndipo uwafunse nambala yomwe imayankhidwadi. Ine ndikupitanso mwezi wamawa kukaonedwa ndipo ziwiri zimenezi ndazilemba kale pa kapepala koti ndikawapatse adokotala aja.