Ulendo wa pa boti ku Cape Maclear: ndapereka nyenyezi zinayi

Tinalipira ulendo wa theka la tsiku kuchokera pagombe la Chembe kukazungulira chilumba cha Thumbi, ine, mayi akunyumba ndi ana awiri. Boti linali labwino, majekete anakwanira tonse, nthawi anasunga.

Koma ndalama yanga inaphula kanthu chifukwa cha madala amene ankaongolera injini, msodzi wobadwira pomwepo. Tisanakwere anayang'ana mitambo ndi madzi, n'kunena kuti, "Achimwene, tiyeni msanga, mwera ukubwera." Pobwerera tinakumana nawodi mafundewo. M'njira anatiuza mmene amaphera usipa usiku ndi nyali ndi ukonde wotchedwa chilimira, komanso kuti mwezi ukawala kwambiri amapuma chifukwa nsomba sizithamangira nyali. Pamiyala anamuonetsa mwana wanga mbuna (nsomba yaing'ono ya m'miyala) yaikazi ikubisa ana ake m'kamwa, mwanayo mpaka lero akuikambabe. Anatchulanso za ku Mbenji, ku Salima, kumene mfumu imatseka usodzi nyengo yamvula kuti nsomba ziswane, mwambo umene unayamba kale paki ya kuno ya Lake Malawi National Park isanakhazikitsidwe mu 1980.

Chimene chinandiwawa ndi buledi. Mnyamata wothandizira ankanyenyera buledi m'madzi kuti mbuna zisonkhane, alendo ajambule. Maboti ena atatu ankachita zomwezo pamalo omwewo. Madala aja anangopukusa mutu, nati nsombazi chakudya chake ndi ndere za pamiyala, ndipo masiku ano zikangomva injini zimathamangira boti. Pakati pa miyalayo ndinatola mabotolo apulasitiki asanu ndi jumbo yong'ambika, m'malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984, kumene ngakhale msodzi wa m'mudzimo saloledwa kuponya ukonde pafupi ndi chilumba. Mwini mudzi aziletsedwa, ife obwera tizitaya zinyalala? Zinandikhudza kwambiri.

Nkhwazi anaiitana ndi likhweru n'kuiponyera nsomba. Ana anakuwa ndi chimwemwe, ine ndinakondwa pang'ono chabe.

Eni boti, chonde ikanimo thumba la zinyalala, buledi azitsala kumtunda, ndipo madala aja muziwapatsa mpata wolankhula injini itazima, chifukwa zambiri zinandipita ndi phokoso. Tidzabweranso chaka chamawa, ndipo ndidzapempha kuti atiyendetse omwewo.