Ndinakayezetsa khansa ya khomo la chiberekero pachipatala chathu ku Salima

Amayi a ku banki m'khonde kwathu akhala akundikokera pambali mmodzimmodzi, kundifunsa monong'ona kuti, “Aphunzitsi, kumene kuja chitsulocho chimapweteka?” Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zomwe ndinaona. Amene alibe foni, mnzake amuwerengere.

Ndili ndi zaka 43, ana anayi, ndimaphunzitsa sitandade 4 kumbali ya kunyanja kuno. Chomwe chinandichedwetsa kupita si umbuli ayi. Ndi maliro a achemwali anga. Iwo anali atasiya kale kusamba pomwe magazi anayambanso kutuluka. Poyamba tinati mauka, azakhali anabweretsa mizu. Kenako panamveka zoti pali dzanja la munthu, ndipo ndalama zogulitsa mpunga wa chaka chimenecho zinathera kwa asing'anga. Pomwe tinkafika nawo ku Kamuzu Central, madokotala anatiuza mwaulemu kuti matenda apita kale patali. Miyezi yomaliza achemwali ankagona okha kukachipinda ka kuseri chifukwa cha fungo, ndipo ankapepesa aliyense wolowa, ngakhale ine mng'ono wawo wowachapira zitenje. Atamwalira ndinalumbira kuti ndikayezetsa sabata yomweyo. Zinanditengera zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkaopa kuuzidwa.

Tsiku lomwe ndinapita linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kwa ku Salima komwe thukuta limayamba munthu asanamwe tiyi. Ndinakwera kabaza, ndinafika 7 koloko ndi buku langa la kuchipatala. Kuyezetsaku n'kwaulere, palibe amene anandipempha ngakhale tambala. Koma ndiyambe ndi zomwe sizinandisangalatse, poti zinabwera koyambirira.

Benchi yodikirira ili moyang'anizana ndi mzere wa odwala ena onse. Aliyense wobwera ndi malungo amaona amene wakhala pakhomo limenelo, ndipo kuno timadziwana. Kholo la mwana wa m'kalasi mwanga linandipatsa moni, maso ake ali pa chikwangwani cha pachitseko. Mayi wina wachitsikana amene anakhala pafupi nane anadzuka ngati akukamwa madzi, sanabwererenso. Kungotembenuza benchi imeneyo kapena kuikapo mpanda wa bango, amayi ambiri akanakhala. Chachiwiri ndi nthawi. Namwino wophunzitsidwa ntchitoyi analipo mmodzi, ndipo yemweyo ndiye amathandizanso a kulera. Tinayamba kulowa itadutsa 9 koloko. Chapakati tinaimanso kudikira kuti zitsulo ziphikidwe kaye, poti zilipo zochepa. Apa sindidandaula kwambiri. Bola kudikira chitsulo choyera.

Tisanalowe, namwinoyo anaima kutsogolo kwathu ndi chithunzi cha khomo la chiberekero n'kutiphunzitsa. Ine ndine mphunzitsi, ndimadziwa munthu wodziwa kuphunzitsa, ndipo mayi ameneyu amatha. Sanatiopseze. Anati khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kopatsirana pogonana, komwe pafupifupi munthu aliyense amakatenga nthawi ina pamoyo wake, wa banja limodzi ndi wa mabanja ambiri yemwe. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Kwa ena kamakhalira, n'kumasintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo paja, ndipo pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti pafike pa khansa. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, zaka 5 mpaka 10 zokha. N'chifukwa chake amayi omwe ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka ka 6 kuposa anzawo, ndipo ku ma ARV amawakumbutsa kawirikawiri. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti, “Ndiye tinene kuti abambo akunyumba ndi amene anandipatsa?” Namwino anayankha kuti, “Amayi, kachilomboka sikanena kuti kanabwera liti. Kakhoza kukhala ka pa utsikana wanu kapena pa unyamata wawo. Musakayambitse mlandu kunyumba.” Ndinaona mapewa a amayi angapo akutsika.

Zaka 15 zija zinandilasa mtima. Achemwali anakhala nazo zaka zonsezo, akupita kusikelo, akupita kukabereka, akudutsa pakhomo la chipatala, chinthucho chikadali kachigamba koti n'kuchotsa.

M'kati muli bedi, tochi, botolo ndi thonje. Umavula kabudula wam'kati yekha, chitenje umakhala nacho. Chitsulo chija chomwe chimaopsa anthu m'mudzi n'chomwechija cha ku kulera, chongotsegula njira kuti aone. Chimazizira, chimakankha pang'ono, basi. Mukapuma mozama ndi kumasula miyendo sichivuta. Zoti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka kenako n'kuchibwezera ndi bodza lenileni, ndipo ndikupempha amene amafalitsa zimenezi asiye. Mankhwala oyezera ndi viniga. Inde, wa mtundu womwewo wa pa tchipisi, wosungunulidwa pa mlingo wake. Amapaka pakhomo paja ndi thonje, amadikira mphindi imodzi, n'kuunika. Pamene khungu layamba kusintha pamayera ngati papakidwa ufa. Kumanyereza pang'ono.

Mphindi imeneyo namwino ankandifunsa za ana a sukulu, kuti mayeso ayamba liti. Kenako anakhala chete. Ndinadziwa.

“Aphunzitsi, ndaona kachigamba koyera. Mundimvetse bwino, si khansa. Ndi chiyambi chomwe chikanatha kudzakhala khansa tikanachisiya. N'chaching'ono, chikuoneka chonse. Mukalola, tichiwotche pompano.”

Mawu akuti pompano ndi amene andichititsa kulemba zonsezi. Sanandipatse kalata yopita ku boma kapena ku Lilongwe. Sanati mubwere Lachinayi. Ine ndimadzidziwa, munthu amene anazengereza zaka zisanu ndi ziwiri akanauzidwa kuti abwerenso, akanapeza chifukwa. Anatenga kachipangizo kogwira m'manja, kukula kwake ngati makina ometera tsitsi, kokhala ndi kandodo kotalika komwe kumapeto kwake kuli kamutu kozungulira. Kamayendera batire. Tsikulo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, koma ntchito sinaime. Kamutuko kamatentha kufika madigiri 100, monga madzi owira, ndipo amakagunditsa pa chigamba paja kwa nthawi yosakwana mphindi. Ndinamva kupotokola m'munsi mwa mimba ngati tsiku loyamba la msambo, ndi kutentha kukwera kumaso. Ndisanamalize pemphero la Ambuye anati tatha.

Pambuyo pake ndinafuna kudziwa kuti kachipangizo aka kanachokera kuti, ndipo ndinawerenga. Kale ankachita kuumitsa chigambacho ndi mpweya wozizira kwambiri wa m'masilinda akuluakulu achitsulo. Njirayo imagwira, koma silinda ndi yolemera, mpweya ndi wodula ndipo umatha, ndiye ukatha amayi ankabwezedwa. Chipatala cha Nkhoma, kuno kwathu ku Malawi, chinayamba kugwiritsa ntchito njira yowotchayi mu 2013 mogwirizana ndi akatswiri a ku Scotland, kuyeza ndi kuchiza tsiku lomwelo, ndipo zomwe anapeza zinafalitsidwa kuti madokotala a maiko ena awerenge. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi. Ndinanyadira. Timazolowera kumva kuti nzeru zimachokera kunja kubwera kuno, koma apa amayi a ku Nkhoma amene anagona pa bedi lija ndi anamwino awo anaphunzitsako dziko.

Zotsatira zake ndinene poyera, poti apa m'pamene amayi amadzidzimuka. Kwa masabata angapo kumatuluka madzimadzi ambiri, ndiye konzekeranitu nsalu kapena mapadi. Ndipo kwa mwezi wathunthu simukhala malo amodzi ndi abambo, kuti bala lipole. Namwino anandiuza zonsezi pakamwa, koma sanandipatse kapepala kalikonse kokawaonetsa kunyumba. Ichi ndi cholakwika chachikulu. Bambo a ana anga ndi munthu womva, tinakhala pansi ndinawafotokozera ndipo anati, “Mayi a ana, moyo ndi wanu komanso ndi wathu, mwezi si kanthu.” Koma ndikudziwa mabanja a kudooko kuno komwe mwamuna wabwera kuchokera pamadzi patatha sabata, mkazi n'kunena kuti achipatala aletsa, pamabuka nkhondo. Kapepala ka Chichewa ndi Chiyao, kodindidwa chidindo cha chipatala, kakanateteza amayi ambiri. Ngakhale kumuitana bamboyo kuti amve yekha kwa namwino.

Chinanso chomwe ndinadziwa mochedwa n'chakuti viniga ali ndi malire ake. Amadalira diso la namwino ndi kuwala kwa tochi, ndipo kwa mayi amene anasiya kusamba malo oyenera kuonawo amabisala m'kati. Kuyambira 2021 a WHO amalimbikitsa kuti poyamba aziyeza kachilomboko mwachindunji. Mayi amapatsidwa kamtengo ka thonje, amalowa yekha kuseri, amadzitenga yekha chikazi, osavulira munthu. Makina a GeneXpert, omwe aja amayeza makhololo a TB, amathanso kuyeza HPV. Pomwe ndinapita ine, njirayi panalibe pachipatala chathu. Ndikuifuna ifike, chifukwa mayi wachitsikana amene anathawa pabenchi uja mwina akanalola kamtengo ka thonje.

Nkhani ya katemera ndiikhudze, poti inandidutsa m'manja. Mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse, atamuyesa kaye ku Zomba ndi ku Rumphi. Ine ndinali mmodzi mwa ondandalika ana pamzere alangizi a zaumoyo atabwera pasukulu. Atsikana ena anathawira m'chimanga, makolo atawauza kuti jakisoniyo ndi wotseka mimba. Nthawi imeneyo ndinalibe mawu okwanira owayankha. Lero ndili nawo. Amene anatulukira kuti HPV ndiye gwero la khansa imeneyi ndi dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri yokha ya kachilomboka, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa odwala 100 aliwonse, ndipo katemera amatseka imeneyo. Ku Scotland anayamba kubaya atsikana mu 2008, ndipo kafukufuku yemwe anatuluka mu 2024 sanapeze ngakhale mmodzi wodwala khansayi mwa omwe anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13. Atsikana amenewo lero ndi amayi akuluakulu. Kafukufuku wina wa ku Kenya anaonetsa kuti jakisoni mmodzi yekha amateteza mwamphamvu, ndipo mu 2022 a WHO anavomereza kuti mmodzi akhoza kukwanira kwa atsikana ambiri. Mwana wanga wamkazi womaliza anabayidwa, ndinamugwira dzanja ndine.

Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri padziko lonse, ndipo mwa khansa zonse za amayi kuno, iyi ndiyo yoyamba. Maiko anagwirizana mu 2020 kuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 akhale atabayidwa, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Pa nambala yomalizayi ndiye pamandidetsa nkhawa, chifukwa cha zomwe ndinaona potuluka.

Mayi amene analowa pambuyo panga, wogulitsa usipa, anapezeka ndi chigamba chachikulu chosatheka kuwotcha. Anamulembera kalata yoti akadulidwe kachidutswa kuchipatala chachikulu. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango panja, atamasula mfundo ya chitenje akuwerenga ndalama. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, koma kwa iye panali kabaza, minibasi ya pa Kamuzu Road, chakudya, ndi usipa wosagulitsidwa masiku awiri. Palibe wachipatala amene anamufunsa ngati akwanitsa, kapena kulemba nambala yake kuti adzamutsatire. Ndinamupatsa zomwe ndinali nazo, ndinatenga nambala ya mlamu wake. Anapita patatha masabata atatu, amayi a Mvano atasonkha. Kuyeza n'kwaulere, koma msewu si waulere, ndipo pamenepa ntchito yabwinoyi imadukira panjira.

Ine ndinabwereranso patatha chaka monga analembera m'buku. Namwino yemweyo, benchi yomweyo isanatembenuzidwebe. Anapaka viniga, tinadikira mphindi ija, anati, “Papola bwinobwino, aphunzitsi, palibe choyera.” Ndinalira pa bedi pomwepo, ndipo anandisiya ndilire osandifulumizitsa ngakhale panja panali mzere.

Mukafuna kupita, sankhani tsiku lomwe simuli kumwezi, tengani buku lanu, chitenje chapadera, padi imodzi ndi madzi akumwa. Funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu tsiku lomwe namwino woyeza amakhalapo, musawononge ya kabaza pachabe. Lachiwiri likudzali ndikuperekeza amayi awiri a ku banki m'khonde ndi mwana wamkulu wa achemwali anga, amene wakwanitsa zaka 30 chaka chino. Tinyamuka 6 koloko pa chitsime.