Mafuta a nkhumba, a m'botolo kapena nsinjiro: alowe ati mumphika wa banja?

Mkangano wa mafuta walowa m'makomo mwathu kudzera pa foni. Pa WhatsApp pakuyenda timakanema tonena kuti mafuta a m'botolo ndi poizoni, tibwerere ku mafuta a nyama monga ankachitira makolo. Kwinaku kuli anzathu amene anauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera, ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale dzira analiletsa pakhomo. Onsewa akuiwala kufunsa kuti akudya mafutawo ndani. Mphika ndi umodzi, koma ozungulira mphikawo ndi osiyana: pali khanda la miyezi 9, pali mayi woyamwitsa, pali bambo okhalira pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Tiyambe ndi za makolozo. M'midzi yambiri ya kuno nyama sinali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Nkhuku inkafa kukabwera mlendo, mbuzi pa ukwati, pa maliro kapena pa Khirisimasi. Mafuta a masiku onse ankachokera mumtondo: nsinjiro, nthanga za maungu, chitowe, kenaka ngumbi mvula ikayamba. Ndipo anthuwo ankagwira khasu kuyambira mbandakucha, madzi ankatunga kutali, ulendo ankayenda wapansi. Amene akufuna mafuta a makolo atengenso khasu lawo.

Muyeso umene achipatala amatsata ndi wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO). Iwo amati mafuta oundana, amene amatchedwa saturated fat, asapitirire magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa wamkulu wodya makalori 2,000, amenewo ndi magalamu 22 okha. Chifukwa chake n'chakuti mafuta a mtundu umenewu amakweza cholesterol (mtundu wa mafuta oyenda m'magazi) yoipa yotchedwa LDL, imene m'kupita kwa zaka imaunjikana m'mitsempha ya magazi mpaka njira kuchepa. Tsono tengani supuni yaikulu imodzi muyerekeze. Ya batala ili ndi magalamu pafupifupi 7 a mafuta oundana, ya mafuta a ng'ombe 6, ya nkhumba 5, ya nkhuku pafupifupi 4, ya mafuta a soya 2, ya mpendadzuwa 1 ndi theka. Masupuni atatu a batala, basi mwafika pamalire a tsiku lonse, tiyi wamkaka musanamwe n'komwe.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Siyani msuzi wa ng'ombe ugone mu Juni, m'mawa mukavundukula mphika mupeza pamwamba payala chigamba choyera, cholimba, choti mutha kuchinyamula ndi supuni osasweka. Mafuta a mbuzi ndiye sadikira n'komwe kuti kuche: mukachedwa kudya amauma m'mbale momwemo, ena n'kumata m'kamwa. A nkhumba amakhala ofewerapo, a nkhuku ofewa kwambiri, a m'botolo saundana pokhapokha muli mafuta a kanjedza ambiri. Kulimbako ndiye chizindikiro. Mwamwayi, nyama yeniyeni ya mbuzi ilibe mafuta ambiri. Ochuluka amakhala kuzungulira impso ndi matumbo, ndiye kuwachotsa sikuvuta.

Mafuta a nkhumba ndiwayikire kumbuyo pang'ono, chifukwa mbiri yawo ndi yoipa kuposa mmene alili. Mwa magalamu 100 alionse, oundana ndi pafupifupi 40. Pafupifupi 45 ndi a mtundu womwe umapezeka wambiri m'mapeyala ndi mu mtedza. Amapirira moto, sapsa msanga, ndipo mbatata yokazingira mmenemo imakoma, palibe angatsutse. Amene wapha nkhumba pakhomo n'kusungunula mafutawo, kusunga m'kachitini, sanachimwe. Vuto lawo n'lakuti akasungunulidwa amabwera okha. Mulibe ayironi, mulibe zinki, mulibe zomanga thupi. Zonsezo zatsala mu mnofu. Mukawasandutsa mafuta ophikira a tsiku lililonse, mwatenga gawo losathandiza kwenikweni la nyamayo n'kulidya mowirikiza. N'chimodzimodzi a ng'ombe, amene oundana ake amafika theka.

Mafuta a m'botolo, a soya ndi a mpendadzuwa, amapambana pa ziwiri. Choyamba, kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti munthu akachepetsa mafuta oundana n'kuika awa m'malo mwake, LDL imatsika ndipo chiopsezo cha matenda a mtima chimachepa. Apa pali msampha umene ambiri timagwamo: kusiya mafuta a nyama n'kuwonjezera mitanda ya nsima ya ufa woyera, buledi ndi zakumwa zashuga sikupindulitsa mtima. Chimene mwaika m'malo mwake ndiye nkhani. Chachiwiri ndi vitamini A. Kuyambira mu 2015 lamulo la dziko lino limafuna kuti mafuta ophikira ndi shuga zikhale zothiridwa vitamini ameneyu. Kafukufuku wa boma wa 2001 anapeza kuti ana ang'onoang'ono pafupifupi 59 mwa 100 alionse ankaperewera vitamini A. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza pafupifupi 4. Si mafuta okha anachita zimenezi, timadontho ta vitamini A ta kusikelo tinathandizanso, koma botolo lija lili ndi gawo lake, ndipo timakanema ta pa foni sititchula zimenezo.

Zofooka zake zilipo. Mtengo aliyense akuudziwa. Mafuta ena olembedwa kuti ndi a zomera amakhala a kanjedza kapena osakaniza, ndipo a kanjedza oundana ake ndi pafupifupi theka, kuposa a nkhumba. Werengani chimene chalembedwa pabotolo, muonenso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Vitamini A amawonongeka ndi kuwala, ndiye timachubu ta mafuta oyeza timene tapachikidwa padzuwa tsiku lonse pa okala sitingafanane ndi botolo losungidwa mukabati. Ndipo palinso chiwaya. Mafuta amene alowamo tchipisi m'mawa, nkhuku masana, zam'kati madzulo, mawa n'kungothiramo ena pamwamba, amada, amachita thovu, utsi wake umaluma m'maso. Pamenepo ubwino wa soya kapena mpendadzuwa unatha kale. Anthu akamati mafuta a m'botolo ndi oipa, ine ndimaganiza kuti nthawi zambiri akunena mafuta akuda amenewa. Komanso musanamizidwe kuti poti ndi a zomera sanenepetsa: galamu imodzi ya mafuta alionse ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Ndiwo zosambira m'mafuta ndi zosambira basi, kaya mafutawo achokera kuti.

Majarini ndingowadutsa. Akale ankakhala ndi trans fat, mafuta oipa kuposa onse, amene WHO imati asapitirire gawo limodzi pa 100 la mphamvu za m'chakudya cha tsiku. Mukaona mawu oti partially hydrogenated papepala, bwezani pashelefu.

Ine voti yanga ya mphika wa tsiku ndi tsiku ikupita kwa nsinjiro. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ambiri mwa iwo osaundana, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Nkhwani wotendera, futali, phala la nsinjiro: mafuta ndi ndiwo zafika limodzi, ndalama ya botolo osatuluka. Masamba obiriwira amafuna mafuta pang'ono kuti thupi litengemo vitamini A, chifukwa mavitamini A, D, E ndi K amayenda ndi mafuta, ndiye agogo amene ankatendera chisoso ndi bonongwe ankachita zolondola. Chiponde chimene chimadzutsa ana onyentchera m'zipatala zathu ndi mtedza womwewu, wosakaniza ndi mkaka wa ufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Chochenjera nacho ndi chuku. Mtedza wonyowa, wofumbwa kapena wosintha mtundu umatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Chizolowezi chosankha mtedza wabwino kukagulitsa, mphwephwa n'kusinja za pakhomo, ndi chimene chiyenera kutha.

Ndiye kodi mafuta a nyama alibe malo? Ali nawo, ndipo ndi aakulu, koma ndi aja amene amabwera atakulungidwa m'chakudya chawo. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 5 a mafuta, oundana ake 1 ndi theka okha, pamodzi ndi magalamu 6 a zomanga thupi, vitamini A, D ndi B12, mavitaminiwa ambiri ali mu chikasu muja. Usipa, matemba ndi utaka timadya ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye kuwonjezera pa mafuta a omega-3 timapezamo kashiamu ndi zinki. Mkaka ndi chambiko zili ndi mafuta pafupifupi magalamu 3 ndi theka pa mamililita 100, ndipo mkaka wogula kwa alimi, kaya ku Thyolo kaya ku Chiradzulu, muziuwiritsa kaye. Ufa woyera wothira mu tiyi uja, umene ambiri timautcha mkaka, nthawi zambiri ndi mafuta a zomera ndi shuga, suyenera kulowa m'malo mwa mkaka kwa mwana. Vitamini B12 sapezeka mu nsinjiro kapena m'botolo. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapezanso kuti ana pafupifupi 60 mwa 100 alionse amaperewera zinki, ndipo zinki wa m'zanyama thupi limamutenga mosavuta kuposa wa mu chimanga. N'chifukwa chake pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsa kusikelo, zanyama ndi gulu palokha, zamafuta ndi gulu linanso. Supuni ya mafuta a nkhumba siingalowe m'malo mwa dzira.

Pa mwana wamng'ono ndiye masamu amatembenuka. Mkaka wa m'mawere pafupifupi theka la mphamvu zake limachokera ku mafuta, ndipo pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a mafutawo ndi oundana. Ubongo ndi thupi zimene zikukula mofulumira zimawafuna. Akakwana miyezi 6 n'kuyamba phala, kamimba kake sikalandira zambiri. Phala lamadzimadzi la mgaiwa ndi kamchere limamukhutitsa koma osamupatsa kanthu kokwanira. Thiranimo kasupuni ka mafuta kapena nsinjiro, swerani dzira n'kuliphika bwino, sinjani usipa wouma ukhale ufa, pondani peyala. Phalalo likhale lolimbirapo, loti mukapendeketsa supuni lisachucheke. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. M'dziko lotere, kumana mwana dzira poopa cholesterol n'kusokoneza nkhani, monganso zikhulupiriro zakale zija zoti mwana akadya mazira adwala khunyu, kapena zoti mayi woyembekezera akadya dzira mwana abadwa wopanda tsitsi.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo wina wa 2009 wotchedwa STEPS anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Mavuto awiriwa amatha kukhala pansi pa denga limodzi, ndipo kagawidwe kathu ka ndiwo kamawakulitsa. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu, nthutumba ndi chiwindi zimapita m'mbale ya bambo, amene masana adya kale kanyenya wa nkhumba ndi tchipisi kuntchito, Loweruka mang'ina. Mwana wa zaka ziwiri amalandira msuzi ndi kaphazi. Chiwindi chija, chodzaza ndi ayironi ndi vitamini A, chikanagwira ntchito yaikulu m'kambale ka mwanayo, chitaphikidwa bwino n'kupondedwa, kamodzi pa sabata.

Kwa bambowo, ndi kwa aliyense amene ali ndi BP, shuga kapena anadwalapo sitiroko, sikuti nyama ithe. Chotsani khungu la nkhuku musanaphike, dulani mafuta oyera aja panyama, ndipo msuzi ukagona engulani chigamba chapamwamba musanatenthetse. Kuwotcha ndi kuphika m'madzi kuchuluke kuposa kukazinga, nsomba ndi nyemba zibwere kawirikawiri kuposa ng'ombe. Soseji ndi poloni ndizo ndingazichotse poyamba, nyama yatsopano isanakhudzidwe: mafuta ake saoneka kuti muwadule, mchere ndi wochuluka, ndipo mu 2015 nthambi ya WHO yoona za khansa inaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Zimenezinso ndi zomwe makolo ambiri m'tauni akulongedzera ana kusukulu m'mawa uliwonse, pamene dzira lowiritsa likanalowa bwinobwino m'kachitini komweko.